Kamkanda Kakuda ndi Koyera

 Ndinalonjeza kuti sabata ino tikambirana za kasungidwe ka ufa m'nyengo ya chinyezi, koma mundikhululukire, ufawo uyambe wadikira. Pagwa nkhani ina imene yandisowetsa tulo kwa milungu itatu, ndipo ndaona kuti ndi bwino ndiitule pamaso panu.

Lachinayi lina, tili pakati posoka pa msonkhano wa gulu lathu, mayi wina anamasula mfundo ya chitenje chake natulutsa kamkanda ka m'khosi. Kunsonga kwake kunali kachitsulo kozungulira ngati ndalama, theka lakuda, theka loyera, magawo awiriwo atapindana monga milamba iwiri yogonerana, uwu mutu uko, uwu mutu kuno. Pamutu pa mlamba wakuda panali kadontho koyera, ndipo pamutu pa woyera panali kadontho kakuda. Ambiri a inu munachionapo chizindikiro chimenechi pa malaya a anyamata, pa ndolo za pamsika, kapena m'mafilimu a karate.

Kamkandako kanali ka mwana wawo wamkazi wa Fomu 3. Mtsikanayo anatapa K15,000 pa mpamba wa mandasi wa amayi ake nakagula nsapato. Atamupanikiza sanakane, komanso sanagwetse nkhope. Anangogwira kamkandako nati: "Amayi, musandiyese chigawenga. Anzeru a ku China anaona kale kuti chabwino ndi choipa zimayenda pamodzi ndipo ziyenera kulingana. Popanda choipa, chabwino sichingadziwike. Taonani, ngakhale m'choyera muli kadontho kakuda." Mayiwo potifotokozera, misozi inali italengeza m'maso. Chinawapweteka kwambiri si ndalamazo ayi, koma kuti mwana amene anamulera ndi mwambo wapeza chiphunzitso chomuchotsa manyazi.

Msonkhano unatekeseka. Ena anati kamkandako katenthedwe pompo, ena anati ndi ufiti wa kunja. Ine ndinapempha kuti andibwereke kaye, pakuti safunsa anadya phula, ndiponso moto ungasungunule kachitsulo koma sungafike pa mawu amene alowa kale m'mutu mwa mwana. Sukulu yanga inathera ku pulayimale, choncho ndinapita kwa aphunzitsi ena opuma ntchito amene ali ndi kabati yodzaza mabuku. Tinakhala pakhonde masana atatu, iwo akuwerenga ndi kumasulira, ine ndikufunsa ngati mwana wa Sitandade 1.

Magawo awiri aja anthu a ku China amawatcha yin ndi yang. Gawo lakuda ndilo yin, loyera ndilo yang. Chimene chinandidabwitsa poyamba ndi chakuti mawu awiriwa sanabadwire m'kachisi kapena pabwalo la milandu. Anabadwira paphiri. Pachiyambi yin inali mbali ya phiri yokhala mumthunzi, ndipo yang inali mbali yoombedwa ndi dzuwa. Tanthauzo limeneli likumvekabe m'mayina a malo: mzinda wakale wa Luoyang unatchedwa chotero chifukwa uli kutsidya la dzuwa la mtsinje wa Luo. Kuchokera paphiripo anayamba kugawa pawiri zinthu za m'chilengedwe. Usiku, kuzizira, madzi, mwezi, nthaka ndi kupuma anazipereka kwa yin. Usana, kutentha, moto, dzuwa, thambo ndi kugwira ntchito anazipereka kwa yang.

Tsono ndikufunseni, amayi anzanga: mbali ya phiri ya mthunzi inalakwa chiyani? Kodi usiku ndi tchimo? Mayi amene waweramira khasu kuyambira mbandakucha amadziwa kuti mthunzi wa mtengo ndi mdalitso, ndi kuti popanda usiku msana wake ukanathyoka kalekale. Ndiponso ife amene Namalenga anativeka khungu lakuda tinayenera kukhala oyamba kukana bodza lakuti chakuda chilichonse chimaimira choipa. Mwana uja anaona mtundu wakuda, iye yekha nautcha choipa. Eni chizindikiro sanatero. Dziko la South Korea linaika chizindikiro chonga chomwechi pakati pa mbendera yake, m'mitundu yofiira ndi yabuluu. Kodi lilipo dziko limene lingakweze mbendera yolengeza kuti theka la ntchito zake lidzakhala kuba ndi kunama?

Timadontho tija nato tili ndi tanthauzo lake. Tikunena kuti chinthu chikafika pachimake chimayamba kutembenukira kwa chinzake. Pakati pa usiku ndi pamene tsiku latsopano limayambira ulendo. Kwathu kuno dzuwa likafika poswa mtengo mu Okutobala, ndi pamene mitambo ya mvula imayamba kusonkhana. Kadonthoko si chilolezo chakuti munthu wabwino azisungako kakuba pang'ono pambali monga ndiwo za mawa.

Nanga choipa chili pati m'kaganizidwe kameneka? Chili pa kupyola muyeso, pamene mbali imodzi yameza inzake. Asing'anga a ku China kuyambira kale amaphunzitsa kuti munthu amadwala pamene yin ndi yang za m'thupi mwake zasiya kulingana. Mayi aliyense wodziwa mthiko akuzimva zimenezi. Madzi si mdani wa ufa. Madzi akachuluka mwaphika phala, ufa ukachuluka mwaphika mwala, moto ukakula nsima yapserera. Koma sindinaonepo mayi wonena kuti, kuti nsima ikome ndithiramo ufa theka, mchenga theka. Mchenga si mnzake wa ufa. Chomwechonso kuba si mnzake wa chilungamo woti azilingana naye. Kuba ndiko kupyola muyeso kwenikweniko, dzanja lina kukolola pamene dzanja lina linakhetsa thukuta.

Makolo athu nawonso anali nako kutentha ndi kuzizira kwawo. Anamkungwi ankaphunzitsa kuti pali nthawi zimene munthu ndi wotentha, ndipo asathire mchere m'ndiwo kapena kunyamula khanda, kuopa mdulo. Sankanena kuti wotenthayo ndi mfiti, wozizirayo ndi woyera mtima ayi. Kaya miyambo imeneyi mumaitsata kaya munaisiya, tangoganizani mlendo atamva mawu awiriwa, nathamangira kwawo kukasimba kuti Achewa amati tchimo ndi chilungamo ndi mapasa. Tikanati kandimverere anakanena za m'maluwa.

Komabe ndisakhale mboni yodyera mbali imodzi. Mantha a amayi aja ali ndi pogwira. Ku China kuli buku lakale kwambiri lotchedwa Daodejing, la mitu 81 yaifupi, limene amati analemba ndi mkulu wina dzina lake Laozi. Bukuli limaphunzitsadi kuti mayina amene timapatsa zinthu amabadwa awiriawiri, kotero kuti sitingatchule chachitali popanda kuganiza za chachifupi, kapena chabwino popanda kuganiza za chosakhala bwino. Limaphunzitsanso kuti tsoka ndi mwayi zimabisalirana, china m'kati mwa chinzake. Mawu a mtsikana uja anachokera kumeneku, ngakhale anadzera m'makamwa ambiri asanafike kwa iye.

Aphunzitsi anandisimbiranso nthano yotchuka ya m'buku lina, Huainanzi, limene linaperekedwa kwa mfumu ya China m'chaka cha 139 Khristu asanabadwe. Munthu wina wokhala kumalire a dziko hatchi yake inathawa. Anansi anabwera kudzapepesa, koma mkulu wa pakhomopo sanavomere kuti limenelo ndi tsoka. Patapita miyezi hatchiyo inabwera itatsogolera ina yabwino koposa. Anansi anabwera kudzasangalala, koma mkuluyo sanavomerenso kuti umenewo ndi mwayi. Mwana wake wamwamuna pokwera hatchi anagwa nathyoka mwendo. Chaka chitatha nkhondo inabuka, anyamata amphamvu anatengedwa, ndipo mwa khumi alionse asanu ndi anayi anafera komweko. Wopunduka uja anatsala pakhomo ndi atate wake.

Nthano imeneyi ndi yokoma, ndipo muli mankhwala a mtima wosweka. Ifenso timati walira mvula walira matope. Koma mwaona chimene mulibe m'nthanomu? Mulibe wakuba hatchi. Mulibe wokankha mnyamata. Hatchi inathawa yokha, mnyamata anagwa yekha. Nthanoyi ikunena za tsoka ndi mwayi, zimene zimatigwera, osati za ntchito za manja athu, zimene timachitira anzathu. Chilankhulo chathu chimatipunthwitsa pang'ono pamenepa, chifukwa chilala timati ndi choipa, wakupha munthu timatinso wachita choipa, chikhalirecho chilala sitingachitengere kwa amfumu. Akanakhala mnansi ndiye anathyola mwendo wa mnyamatayo ndi chibonga, kupulumuka kwake kunkhondo sikukanafafaniza kanthu, pakuti mlandu suola.

Ine mtima wanga unatsalira pa anyamata asanu ndi anayi aja. Ndinawafunsa aphunzitsi kuti, "Nanga amayi awo a anyamata amenewa, ndani akanalimba mtima kukawauza pa maliro kuti zonse zalingana?" Iwo anavula magalasi nakhala chete kanthawi. Pamenepo ndi pamene ndinazindikira kuti mawu amenewa amakoma akamatuluka m'kamwa mwa munthu wogwa m'tsoka podzitonthoza yekha. Akatuluka m'kamwa mwa woonerera amawawa, ndipo akatuluka m'kamwa mwa amene wadzetsa tsokalo asanduka chipongwe.

Ndipotu buku lomwe lija la Laozi silinyengerera choipa. Limadzudzula zida za nkhondo, ndipo limati wopambana nkhondo ayenera kukhala ngati ali pa maliro. Limati anthu amagona ndi njala chifukwa akuluakulu amadya msonkho wambiri. Limatchula chuma chitatu choyenera kusunga: chifundo, kusamwaza zinthu, ndi kusadziika patsogolo pa anzako. Mwana wogula nsapato ndi mpamba wa amayi ake waphonya zitatu zonsezi tsiku limodzi.

Tisaiwalenso kuti anzeru a kum'mawa sanali munthu mmodzi. Ankatsutsana monga timachitira ife pamsonkhano. Buku la Laozi limalangiza kuti wokulakwira umubwezere zabwino. Confucius, amene anakhala ndi moyo kuyambira 551 mpaka 479 Khristu asanabadwe, sanagwirizane ndi maganizo otero. Iye anaona kuti ukatero usowa chobwezera amene wakuchitira zabwino, choncho wolakwa umuchitire mwachilungamo, wokoma mtima umukomere mtima. Mungasankhe mbali imene mufuna, koma anthu osaona kusiyana kwa chabwino ndi choipa sangataye nthawi kukangana za kabwezeredwe ka choipa. Mencius, amene anatsata chiphunzitso cha Confucius patapita zaka zoposa 100, anapereka chitsanzo chimene mayi aliyense wa pamudzi angachimve. Munthu akaona kamwana kakukwawira pakamwa pa chitsime, mtima umadumpha nthawi yomweyo, osati pofuna kutamandidwa kapena kukondweretsa makolo a mwanayo, koma chifukwa mbewu ya chifundo ili mwa munthu aliyense. Ndionjezepo ine: palibe amene amaima nati, dzulo ana awiri anapulumuka, lero mmodzi agwe kuti zilingane.

Anthu wamba nawo, amene sankawerenga mabuku akuluakuluwa, anali ndi mwambo umene unandiseketsa mpaka kupukuta misozi. M'nyumba zambiri ankamata chithunzi cha mulungu wa kukhitchini, Zao Jun, pamwamba pa malo ophikira. Ankakhulupirira kuti iye amaona zonse zochitika m'banjamo, ndipo chaka chawo chikamatha, pa 23 kapena 24 mwezi wotsiriza, amakwera kumwamba kukanena zabwino ndi zoipa zimene banjalo lachita. Tsono asanamutumize potentha chithunzicho, ankamupaka uchi kapena zotsekemera zonata pamilomo kuti akanene zokoma zokhazokha. Ziphuphu zinafika mpaka pamafuwa! Koma wopaka uchiyo amadziwa bwino lomwe kuti analakwa, ndi kuti kulakwa kuli ndi malipiro ake. Abuda nawo ali ndi malamulo asanu a munthu wamba, oletsa kupha, kuba, chigololo, bodza ndi kuledzera, ndipo otsata njira ya Laozi ali ndi ena ofanana nawo.

Mpaka pamenepa ndinali wokondwa kuti ndapeza chokamuyankha mtsikana uja. Koma tsiku lachitatu aphunzitsi anatsegula tsamba limene linandichotsa chimwemwe, ndipo ndi limene ndikufuna kuti ife amayi tilisinkhesinkhe kwambiri.

M'nthawi ya mafumu a Han kunali katswiri wina, Dong Zhongshu, amene anamwalira cha m'ma 104 Khristu asanabadwe. M'zolembedwa zodziwika ndi dzina lake, yin ndi yang sizilinso mbali ziwiri za phiri limodzi. Zasanduka makwerero. Mfumu ndi yang, nduna ndi yin. Bambo ndi yang, mwana ndi yin. Mwamuna ndi yang, mkazi ndi yin. Ndipo yang ndi yolemekezeka, yin ndi yotsika. Mwaona m'mene mthunzi uja, umene sunalakwe kanthu, unasandukira mpando wa pansi, ndipo amene anakhazikidwapo ndife?

Cha m'ma 100 Khristu atabadwa kunali mayi wophunzira kwambiri, Ban Zhao, amene anatsiriza buku lalikulu la mbiri ya mafumu a Han limene mlongo wake Ban Gu anamwalira asanalimalize. Mayi ameneyu analemba malangizo a atsikana m'mitu isanu ndi iwiri. Potsata yin ndi yang, anaphunzitsa kuti ulemu wa mwamuna uli pa mphamvu, wa mkazi uli pa kufatsa ndi kugonja. Koma m'malangizo omwewo anadandaula kuti anthu amaphunzitsa anyamata okha kusiya atsikana, ndipo anachenjeza kuti banja limene mwalowa kumenyana lataya chimene chimaligwirizitsa. Ndinamumvera ulemu ndi chisoni pamodzi. Anandikumbutsa anamkungwi athu ena, amene dzanja lina amakutsegula maso, lina amakuweramitsa mutu.

Patapita zaka mazana ambiri, cha m'ma 900, kunayamba mwambo womanga mapazi a atsikana. Kamwana ka zaka zisanu kapena zisanu ndi chimodzi ankakapinda zala za kumapazi kulowetsa kunsi, namanga zolimba ndi nsalu, kuti phazi lisakule kupyola masentimita 10 kapena pamenepo. Mwambowu unakhala zaka pafupifupi 1,000, ndipo ngakhale boma linauletsa mu 1912, m'midzi ina unapitirira zaka zambiri. Sindikunena kuti yin ndi yang ndizo zinamanga mapazi amenewo. Koma kumene anthu aphunzitsidwa mibadwomibadwo kuti chilengedwe chenicheni chinaika mkazi pansi ndi m'nyumba, dzanja lomanga silinjenjemera. Ndipo manja amene ankamangawo kawirikawiri anali a amayi ndi agogo a mwanayo.

Choncho funso lakuti kodi chiphunzitso cha kulingana chimaononga makhalidwe, ine ndiyankha kuti sindichiopa kwambiri chikakhala m'khosi mwa mwana wa sukulu. Mwana wotero mungamukhazike pansi, mungamuonetse phiri ndi mthunzi wake. Ndimachiopa chikakhala m'kamwa mwa wamphamvu pouza wofooka kuti malo ake a pansi ndiwo amachititsa dziko kuyenda bwino, ndi kuti akadandaula asokoneza mtendere.

Ndipo pa zimenezi sitisowa kupita ku China. Ndani mwa ife sanamvepo kuti banja ndi kupirira, kuti mwamuna ndi kabudula amathera moyenda, kuti kumenya ndi mankhwala a banja? Chaka chatha mtsikana wina anathawira kwa achibale ake diso litatupa, ndipo amayi akuluakulu anamubweza tsiku lomwelo ndi mawu akuti zokoma ndi zowawa zimayendera limodzi. Ena mwa amayi amenewo ndi omwe anakweza mawu Lachinayi lija kuti kamkanda katenthedwe. Sinditchula munthu, chifukwa inenso ndinali pomwepo tsiku limenelo ndipo ndinakhala chete, chonsecho lamulo loletsa nkhanza za m'banja lilipo m'dziko muno kuyambira 2006. Mawu amene tinamubweza nawo mtsikanayo ndi omwe aja amene tinakwiya nawo atanenedwa ndi mwana wa Fomu 3. Kusiyana kwake n'kwakuti iye anawanena poteteza nsapato, ife tinawanena poteteza nkhonya.

Loweruka lapitali ndinapita kunyumba kwa mayi aja kukabweza kamkandako. Tinakhala pamphasa atatu, ndipo ndinamufotokozera mtsikanayo za phiri, za hatchi, za chitsime ndi za chuma chitatu. Anamvetsera akukanda mphasa ndi chala. Pa nkhani ya ndalama sanatsutse. Anavomera kuti Loweruka lililonse azidzuka tambala woyamba kukazinga mandasi ndi kukagulitsa yekha mpaka K15,000 itabwerera. Koma ndikunyamuka anadzutsa mutu nafunsa kuti, "Azakhali, nanga pamene Amayi amandiuza kuti ndizitsuka mbale za achimwene iwo akumvera wailesi chifukwa ndi amuna, imeneyo si yin ndi yang ya bambo uja wa makwerero?" Amayi ake anandiyang'ana, ine ndinayang'ana nkhuku zimene zinali kutola madeya pabwalo.

Kamkandako mayiwo akatsekera m'chitini chosungiramo mpamba, ndipo ati adzamubwezera mwanayo ngongole ikadzatha. Ena m'gulu akadali kunena kuti katenthedwe, kotero Lachinayi likudzali nkhaniyi ibukanso, pamodzi ndi ya mtsikana wa diso lotupa uja, imene ndaiika ndekha pa mndandanda wa zokambirana. Za ufa zija tikumane nazo sabata ya mawa.